Ndowa ya Alendo

Fumbi linayamba kufika m'mudzi chaka chachiwiri cha makuponi a feteleza. Kampani ina inapeza mwala wabwino wopangira msewu pa phiri la Chimwala, kummwera kwa mudzi, n'kuimika makina ophwanya miyala mbali yoyang'ana kwa anthu. Mwera ukangodzuka, chimtambo chotuwa chinkanyamuka pamakinapo, kuwoloka dambo, n'kudzatera pamadenga, pamasamba a mango ndi pa ufa woyanika. Silinali fumbi lofiira la mumsewu limene anthu a ku Kaomba anakulira nalo. Ili linali ngati phulusa, ndipo linkalira m'mano.

Anthu anakadandaula ku Boma. Kumeneko anawayankha kuti fumbilo liyambe layezedwa. Likapezeka kuti likufika m'makomo ndi m'zigafa za fodya, makina asamukira kuseri kwa phiri. Likapezeka kuti likuthera m'dambo, akhala pomwe ali.

Nyumba yoyamba kulandira mwera inali ya Lefina. Mudziwo unali wakwawo. Amuna ake, a Lameki, anabwera kudzakwatira kuchokera kutsidya kwa Bua kalekale, ndipo anali munthu wa mawu ochepa. Chuma chawo chonse chinali chigafa chachitali cha kuseri kwa nyumba, denga la udzu pamitengo, chopanda makoma, chifukwa fodya wa bale amauma ndi mphepo. Mphepo ikakhala yoyera, tsamba limatuluka lofewa, la mtundu wa uchi. Ikabwera ndi mchenga, tsamba limaugwira osausiyanso.

Wodzayeza anali mayi wachitsikana wa ku Lilongwe, dzina lake Annette. Anaimika chitsulo chachitali pachulu cha m'dambo, pamwamba pake pali timakapu tozungulira ndi mphepo. Zina zonse anazisiya m'manja mwa kapitawo wa kampani, poti ndiye ankadziwa makomo. Kapitawoyo anali a Duncan, mlongo wake wamkulu wa Lefina, mwini mbumba. Iwo anakwatira kuseri kwa phiri ndipo ankakhala komweko, koma kuno kukagwa maliro, ukwati kapena mkangano wa malire, ndiwo ankakhala patsogolo.

Tsiku lina m'mawa anafika panjinga, atavala chijasi chachikasu cha ku ntchito, ndowa zoyera zikugundana pakaliyala.

“Achemwali, ndakubweretserani mlendo.”

“Mlendo wake uti, achimwene? Ndikuona ndowa.”

“Yomweyi. Ya mayi woyeza uja. Izikhala pamtengo pafupi ndi chigafa, mwezi ukatha ndizidzaitenga n'kusiya ina.”

Lefina anaitembenuza m'manja. Inali yatsopano, yakuya, yoyera mbee, pambali pake atalembapo nambala ndi penti. Ndowa yotere akanaipeza yake, sakanalola mwana kuinyamula.

“Ndiye ine ndizichita nayo chiyani?”

“Kuisamala basi. Ndawauza kale alendowo kuti ya kwa mlongo wanga asade nayo nkhawa, ukhondo wa mudzi uno umayambira pakhomo pake.”

Lefina anaseka, nkhope ataizika pansi. Zinali zoona. Thandala lake la mbale linkatchulidwa ngakhale kumsonkhano wa amayi a Chigwirizano, ndipo bwalo lake ankasesa nkhuku zisanatsike.

Sabata isanathe, anakwera pampando n'kusuzumira m'ndowamo. Mtima unamuwawa. Pansi ponse panali potuwa, m'mbali muli mizere ngati mbale imene yagonera panja pamaliro. Madzulo ake a Duncan anadutsa pochokera ku ntchito, iye n'kuwaitana kuti adzaone.

Anayang'ana m'ndowamo nthawi yaitali ndithu. Kenako anayang'ana kuphiri.

“Inuyo mukuona bwanji, achemwali? Mbale ya eni mumabweza ili chonchi?”

“Ine? Ndi liti?”

“Ndiye mukundifunsiranji?”

M'mawa mwake Lefina anaitsitsa, kuitsuka ndi sopo wa mtanda amene ankasungira zovala za kutchalitchi, kuipukuta, n'kuibwezera pamtengo. Pofika masana inali itayambanso kutuwa. Anatenga thumba la feteleza wa kuponi la chaka chatha, kuliphwasula, n'kusoka chivundikiro chokhala ndi chingwe chomangira kukamwa.

Modester, msuweni wake wa nyumba yoyandikana, amene nayenso anapatsidwa ndowa, anamupeza akumanga chingwecho.

“Iwe Lefina, ndowa yakoyo ukufuna kuikwatitsa? Yasamba, yadzola, lero yavala duku.”

“Yako ndaiona. Nkhuku ingakane kuikiramo.”

“Isiye. Yanga ndi yapamudzi, siyapatauni.”

“Akadzaziika pamodzi ku Lilongwe, nambala idzanena kuti iyi ndi ya kwa Modester.”

Modester anaseka mpaka kugwira mtengo, koma m'mawa mwake anabwera kudzabwereka singano. Mwezi usanathe, ndowa zonse za m'mudzi zinali zitavala matumba a feteleza, ndipo amayi popita kumjigo ankasuzumira ya mnzawo kuti aone amene wagona.

A Lameki okha ndiwo anafunsa. Ankasema mpini pakhonde, akuyang'ana akazi awo akutsuka.

“Make Feggie, ngati anthuwa akuyeza fumbi, inu mukulichotseranji?”

Funsolo linamukhala Lefina pamtima, ndipo analipititsa kwa a Duncan.

“Choyeza ndi chija chozungulira pachulu,” anatero iwo, phazi limodzi lili kale papedulo. “Ndowayi ndi chizindikiro chabe chakuti pano pali nyumba. Alamu asavutike nazo, izi ndi za sukulu.”

Atawauza amuna ake, iwo anangoti “Oho,” n'kupitiriza kusema. Munthu wobwera kudzakwatira satsutsa mlamu wake wamkulu pa nkhani ya mudzi wa eni, ndipo a Lameki anali asanachitepo zimenezo.

Mwezi ukatha, Lefina ankaikulunga ndowayo m'chitenje chochapa n'kuipereka ndi manja awiri. Tsiku lina anawaona a Duncan ataima pokhota njira, akuvula ndowa zonse n'kuzimangirira pakamwa pali pululu, kuti ziyende choncho mumsewu wafumbi mpaka pamene galimoto yodzazitenga inkadikira. Anapukusa mutu. Amuna sadziwa kusunga chinthu.

Mwera unatha, dzuwa la Okutobala linabwera, nazale ya fodya inamera bwino m'dambo. Msonkhano womva zotsatira unaikidwa tsiku limodzi ndi loitana mayina a makuponi, choncho pabwalo la sukulu panadzaza mpaka ena anakhala pamizu ya mitengo. Annette anafunyulula chipepala chachikulu, amuna awiri n'kuchigwira m'mbali chifukwa chinkauluka. Panali phiri, dambo, msewu, ndi timabokosi toimira nyumba. Kuchokera paphiri panatuluka chinthu ngati lilime, chofiira kutsinde, chachikasu kunsonga. Nsongayo inathera m'dambo. Nyumba zonse zinali pobiriwira.

“Pofiira pali fumbi lambiri, pachikasu lochepa, pobiriwira palibe chodetsa nkhawa,” anatero Annette.

Anthu anang'ung'udza. Bambo wina kumbuyo anafuula kuti chipepalacho chibwere chidzagone kwawo usiku umodzi, tione ngati chidzuke chobiriwira. Anthu anaseka, Annette nayenso anamwetulira, kenako anakweza dzanja.

“Ndikuuzeni mmene ndinachitira, kuti musati ndalota. Chitsulo chija chinkalemba mphepo, kumene ikuchokera ndi mphamvu yake. Ndinatenga zimenezo, ndi kutalika kwa phiri, ndi kulemera kwa fumbi la mwalawu, n'kuziika mu kompyuta kuti ijambule kumene fumbi lingakagwere. Poyamba inajambula lilime lalitali, lopyola nyumba zonsezi mpaka kutchalitchi. Ineyo ndinadabwa pamene ndowa zinayamba kubwera. Zinali zopepuka, mwezi ndi mwezi, makomo onse. Kompyuta imangoganizira, koma ndowa inali pakhomo panu usana ndi usiku. Ndiye ndinakhulupirira ndowa, n'kukonza chithunzichi kuti chigwirizane nazo.”

Lefina anamva chala cha Modester chikumutsina pantchafu. Sanatembenuke. Maso ake anali pa a Duncan, amene anakhala pabenchi ya akuluakulu kutsogolo. Iwo ankachotsa kanthu kunsi kwa jombo ndi kamtengo, mosamala kwambiri, ngati ntchito imene anabwerera ndi imeneyo.

Mayina a makuponi atayamba kuitanidwa, anthu onse anakhamukira kumeneko. Lefina anapita kugalimoto, kumene Annette ankapinda chipepala chake, n'kunjuta pafupi ndi chitseko.

“Pepani mayi, ndifunse nawo. Ndowa zija zimafunika zibwere ndi fumbi lake?”

“Eya, mayi. Fumbilo ndi limene ndinkaika pasikelo.”

“Ife tinkatsuka.”

Annette anasiya kupinda.

“Tsiku lililonse,” anatero Lefina. “Ndi sopo. N'kuvundikira.”

“Nonse?”

“Ndinayamba ndine. Anzanga anaonera ine.”

Mayi uja anakhala pampando wa galimoto, miyendo ili kunja, chipepala chili pamaondo. 

“Koma ndinawauza a kapitawo. Ndinati munthu asazigwire, asazivundikire, ngakhale mbalame itaipitsiramo zisiyidwe choncho. Ndinabwereza kawiri. Sanakuuzeni?”

Lefina anayang'ana kumbali. Kapitawoyo anali mlongo wake, ndipo uyu anali mlendo.

“Ndikalemba,” anatero Annette, mawu atatsika. “Ndikanena kuti chithunzichi n'cholakwika. Koma chilolezo chakuti makina akhale pomwe ali chatuluka kale, mayi. Kuti asinthe, pafunika kuyezanso mwera wina wonse, ndipo pafunika wovomera kutumanso anthu. Sindikulonjezani.”

Ngati analembadi, yankho lake silinafike m'mudzi.

Mvula inabwera bwino chaka chimenecho, fumbi n'kugona. Fodya anakula mpaka m'mapewa, masamba otambalala ngati a nthochi, ndipo anthu odutsa ankaima kuyang'ana munda wa a Lameki. Lefina anadzilola kuganiza kuti mwina athyola, kuumitsa, n'kumanga mabelo mwera usanadzuke. Anathyola, anasoka masamba, anapachika pamikangala mpaka chigafa chinadzaza, fungo lake lokoma likufika m'nyumba.

Mwera unadzuka msanga. Kunacha tsiku lina kukuzizira, mitengo ikuweramira kumpoto, ndipo pofika masana chimtambo chija chinali chitawoloka dambo. Lefina analowa m'chigafa n'kupititsa chala patsamba. Chala chinasiya njira.

A Lameki anasonkhanitsa matumba a feteleza, ena obwereka, n'kutchinga mbali yonse ya kummwera. Fumbi linachepa, koma mphepo nayo inaleka kulowa, ndipo masamba a pakati anayamba kuchita thukuta. Pasanapite masiku, chuku chinagwira m'mitsitsi ya masamba. Anachotsa matumba, fumbi linabwerera. Anayesa kutchinga masana n'kutsegula m'mawa, koma makina ankayamba kulira kusanache bwino. Pa nthawi yosankha fodya, anakhala pamphasa awiriwiri akupukuta tsamba limodzilimodzi ndi nthenga za nkhuku. Tsamba la bale lili ndi manthova ake omata. Chimene lagwira ndi chake. Ankapukuta, likaoneka loyera, akalipinda linkalirabe.

Modester anabwera kudzathandiza tsiku lina, fodya wake atamutaya kale mtima.

“Ukanakhala waulesi ngati ine, iwe, bwenzi makina ali kuseri,” anatero, akufuna kuseketsa. Palibe anaseka, ndipo iye anapitiriza kupukuta masamba mpaka dzuwa linapendeka.

Mabelo anapita ku okushoni. Anabwerera pa lole yomweyo, atang'ambidwa m'mbali pamene ogula analowetsa manja. Woyendetsa anawagwetsa pabwalo osatsika n'komwe.

“Akuti iwo amagula fodya, mchenga ali nawo kale kwawo!” anafuula, lole ikubwerera m'mbuyo.

A Lameki anawagubuduza okha mabelowo, limodzilimodzi, kuwalowetsa m'chigafa. Sananene kanthu kwa akazi awo, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Kukanakhala bwino akanakalipa.

A Duncan anali asanaponde pakhomopo chichokereni pamsonkhano uja. Ankadutsa njira ya kumunsi kwa manda. Koma nkhani ya mabelo inamveka mudzi wonse, ndipo mwini mbumba sangamve zotere n'kukhala. Anafika Loweruka masana, chijasi chachikasu atachisiya kunyumba, atavala malaya oyera. Lefina anawayalira mphasa m'chigafa momwemo, pakati pa mabelo, osati pakhonde. Anakhala. Mwera unkaomba, matumba otsala akuphaphatika pamitengo.

Anapatsana moni wonse, wa ana, wa alamu, wa odwala. 

“Ndamva za katunduyu,” anatero a Duncan. “Pepani. Chaka chino ogula avuta paliponse.”

“Avutadi.”

“Ndayankhula ndi anthu. Dzina lanu pa makuponi silisowa chaka chino. Ndipo alamu akafuna, ku kampani kukufunika mlonda.”

A Lameki, amene anakhala pa belo chapatali, anayang'ana denga.

“Achimwene,” anatero Lefina, “mayi uja anakuuzani kuti tisazigwire.”

“Zinthu zinali zambiri, achemwali, munthu sungakumbuke...”

“Anabwereza kawiri.”

A Duncan anapukuta kumaso ndi chikhatho. Atayankhula, mawu awo anali a munthu wotopa.

“Kuseri kwa phiri mukudziwa kuli ndani. Makina akanabwera pamwamba pa denga langa. Mwana wanga Lusiya chifuwa chake mumachidziwa, mwezi sutha osagona kuchipatala. Ndikanatani? Inu ndinu anga, iwonso ndi anga.”

“Mukanabwera kudzandiuza zimenezo.”

“Mukanavomera?”

“Sindikudziwa. Mwina ndikanalira, mwina ndikanakutukwanani. Mwina ndikanatsukabe, chifukwa Lusiya ndinamulandira ndine tsiku lobadwa. Koma ndikanatsuka ndikudziwa.” Anatambasula manja ake pamaondo n'kuwayang'ana. “Munayang'ana mudzi wonse, n'kusankha manja awa. Munadziwa kuti sangagone ndowa ili yakuda. Munawadziwira kuti? Si inu munkandiperekeza kumtsinje ndili mwana, ndikukatsuka mbale za amayi?”



Lefina anadzuka. Mlendo sachoka pakhomo pake kukamwa kuli kouma, ndipo sanafune kuti ziyambe lero. Anapita kuthandala. Pakona pake panali kapu yachitsulo ya maluwa ofiira, ya alendo, imene inakhala pamenepo chigadamire kuyambira tsiku limene mabelo anabwerera. Sanaigwedeze, sanaipukute. Analowa nayo m'nyumba, anathiramo thobwa, n'kubwera kudzagwada patsogolo pa mlongo wake, kapu ili m'manja awiri.

A Duncan anailandira. M'mphepete mwake munali motuwa, ndipo pamwamba pa thobwa panayandama kanthu ngati phulusa. Anayang'ana kapu, anayang'ana mlongo wawo. Chibadwire anali asanaonepo chiwiya chotere chikutuluka m'manja amenewo.

“Imwani, achimwene,” anatero Lefina. “Kuno ndi kobiriwira.”

Anamwa. Lefina anakhala chogwada mpaka anamaliza, akumva mchenga ukulira m'mano mwawo. Anabweza kapu osakweza maso, anatsanzika a Lameki, n'kukankha njinga mpaka kumsewu osaikwera.

Lefina anatsala atagwira kapu. Kumbuyo kwake anamva chingwe chikuduka. A Lameki anali atakwera pa belo, chikwanje chili m'manja, akumasula mkangala woyamba wa mbali ya kummwera. Anautsitsa, anauyeza ndi maso, n'kuuponya pabwalo.

“Iyi ikhala nkhuni,” anatero. “Mitengo ikuluikuluyi tisunge. Khola la mbuzi likufuna.”

“Nanga nazale, bambo a Feggie? Anzathu ayamba kale kutentha mabedi.”

“Ayambe.”

Lefina anaika kapu pansi, n'kupita kukalandira mkangala wachiwiri.